Msika wa Denga Limodzi: Chichiri ndi Msewu wa ku Mwanza

Munthu wa kwa Kanduku, m'boma la Mwanza, akafuna firiji, wailesi yakanema kapena mbale zokapereka pa ukwati wa mphwake, nthawi zambiri amalawirira minibasi ya ku Blantyre. Ndi ulendo wa makilomita pafupifupi 100: msewu wa M6 mpaka pa Zalewa, kuwoloka Shire, kudutsa pa Lirangwe ndi pa Lunzu, kenako kulowa mumzinda. Akafika amakwera minibasi ina ya ku Limbe n'kuuza kondakitala kuti atsika pa Shoprite. Dzina lenileni la malowo ndi Chichiri Shopping Centre, ena amati Chichiri Mall, koma kwa zaka zoposa 20 anthu akhala akuwatchula ndi dzina la sitolo yaikulu imene inawakokera kumeneko.

Firiji akukagulayo mwina inadutsa kwawo komweko sabata yatha. Katundu wambiri wa m'masitolo akuluakulu a ku Blantyre amachokera ku South Africa, ndipo njira yake yapamtunda ndi yodziwika: Johannesburg, Beitbridge, Harare, Nyamapanda, Tete, Zobue, kenako chipata cha Mwanza. Mathiraki amene amandandalika pachipatapo, madalaivala akudikira mapepala a msonkho a MRA, ndi omwewo amene amadzaza mashelefu a ku Chichiri. Anthu a kwa Kanduku ndi a kwa Nthache amagulitsa nsima, makala ndi manachesi kwa madalaivalawo, katunduyo n'kudutsa atamangidwa ndi malona, iwo n'kudzamulondola ku Blantyre atakwera mtengo. N'chifukwa chake mbiri ya Chichiri siingamveke bwino kwa munthu amene wangoima m'kati n'kumasirira magalasi. Theka la nkhaniyo lili pa msewu.

Bokosi la Victor Gruen

Kuika masitolo ambiri pansi pa denga limodzi n'kwakalekale. Msika wa Grand Bazaar ku Istanbul unayamba kumangidwa m'zaka za m'ma 1400. Koma nyumba imene lero timati mall inayamba pa 8 Okutobala 1956, pamene Southdale Center inatsegulidwa ku Edina, kunja kwa mzinda wa Minneapolis, m'chigawo cha Minnesota ku America.

Anajambula mapulani ake anali Victor Gruen, Myuda wa ku Vienna amene anathawa kwawo mu 1938 a Nazi atalanda Austria. Ku America anapeza anthu akusamuka m'mizinda kukamanga nyumba kunja, kumene chilichonse ankachifikira pagalimoto ndipo kunalibe bwalo loti anthu n'kukumanapo. Iye ankakumbuka misewu ya ku Vienna, kumene munthu ankayenda wapansi, kukhala pansi kumwa khofi ndi kucheza ndi anzake. Anaganiza zomanga bwalo lotero m'kati mwa nyumba. Ku Minnesota kumazizira mpaka madzi kuuma gwa kwa miyezi ingapo, ndiye Gruen anatseka nyumba yonse n'kuikamo makina osunga mpweya pa madigiri pafupifupi 24 chaka chonse. Masitolo oposa 70 anawasanjikiza pansi ndi pamwamba, onse oyang'ana m'kati. Kunja kunali makoma opanda mawindo ndi bwalo loimikapo magalimoto zikwizikwi. Mbali iyi anaikako sitolo yaikulu ya Dayton's, mbali inayo ya Donaldson's, kuti munthu pochoka ku ina kupita ku inzake adutse pamakomo a masitolo ang'onoang'ono onse.

Gruen ankafuna kuti pozungulira pakhale nyumba zokhalamo, sukulu ndi malo opumulirako. Eni ndalama anatenga masitolo ndi poimika magalimoto, zambiri mwa zinazo n'kuzisiya papepala. Ma mall anafalikira America yense, akumapha masitolo a m'kati mwa mizinda. Gruen anabwerera ku Austria, ndipo mu 1978, polankhula ku London, anakana poyera kuti nyumba zimenezi si zimene iye ankalinga. Anamwalira mu 1980.

Nzeruyo inali itawoloka kale nyanja. Ku Johannesburg, Sandton City inatsegulidwa mu 1973, Eastgate mu 1979. Ifeyo mall sitinaitenge ku Minnesota. Tinaitenga ku Joni, monga tinatengera zinthu zambiri kuyambira nthawi imene agogo athu ankapita ku migodi.

Masitolo a makolo athu

Sitolo yaikulu si chinthu chachilendo ku Blantyre. Kampani ya African Lakes inakhazikitsidwa ku Glasgow mu 1878, ndipo nyumba yake ya Mandala, yomangidwa mu 1882, ikadalipo mpaka lero. Masitolo a Mandala ndi a Kandodo anafika m'maboma ambiri, ndipo pambali pake panali amwenye, amene anakafika mpaka m'timisika ta kumudzi ndi nsalu, mchere, sopo ndi makasu. Kagulidwe kake kanali kamodzi: iwe kuno, wogulitsa uko, pakati kauntala. Unkaloza, iye n'kukutsitsira.

Boma la Dr. Hastings Kamuzu Banda linasintha zimenezi m'zaka za m'ma 1970. Amwenye analamulidwa kuchoka m'madera akumidzi, ndipo pofika 1978 malonda awo anatsala m'mizinda ya Blantyre, Lilongwe, Zomba ndi Mzuzu. Malo amene anasiya anayenera kudzazidwa ndi Amalawi, mothandizidwa ndi Chipiku, kumene eni magolosale ankapikula katundu, komanso ndi People's Trading Centre, PTC, ya kampani ya Press, imene inayamba mu 1973. Mu PTC ndi m'mene Amalawi ambiri anayambira kutenga okha katundu pashelefu n'kukalipira pakhomo. Amene anakula m'zaka zimenezo amakumbuka kuti kulowa mu PTC ndi bambo pakutha kwa mwezi inali nkhani yokasimba kusukulu.

Koma mashelefu a nthawi imeneyo analibe zambiri, ndipo chifukwa chimodzi chachikulu anthu a ku Mwanza ankachiona ndi maso. Kuyambira mu 1977 mpaka mu 1992 ku Mozambique kunali nkhondo ya Frelimo ndi Renamo. M'zaka za m'ma 1980 njanji zopita ku madoko a Beira ndi Nacala zinaduka, ndipo Malawi inadalira kwambiri msewu wa ku Tete. Mathiraki ankayenda pamdipiti pakati pa Nyamapanda ndi Zobue moperekezedwa ndi asilikali a ku Zimbabwe, ndipo ena ankawomberedwa kapena kutenthedwa panjira. Zikavuta kwambiri, katundu ankazungulira ku Lusaka ndi ku Chipata kudzalowera ku Mchinji. Othawa nkhondo oposa 1 miliyoni analowa m'Malawi, ambiri mwa iwo n'kukhala m'maboma a m'malire ngati Mwanza. Pamsewu wotero palibe wamalonda amene akanayerekeza kutumiza yogati, maapozi kapena tchizi, zinthu zofuna kufika msanga zikadali zozizira.

Pangano la mtendere linasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992. Mu 1993 Amalawi anavotera ndale za zipani zambiri, mu 1994 Bakili Muluzi anakhala mtsogoleri, ndipo chaka chomwecho tsankho linatha ku South Africa. Makampani a kumeneko, amene kwa zaka zambiri sankalandiridwa m'maiko ambiri a mu Africa, anayamba kuyang'ana kumpoto. Shoprite, imene inayamba mu 1979 ndi masitolo asanu ndi atatu ku Cape Town, inatsegula sitolo ku Lusaka mu 1995 ndi ku Maputo mu 1997. Mu 1999 Lusaka inaona mall yake yoyamba, Manda Hill. Blantyre inatsatira chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000. Kutsegulidwa kwa Chichiri kunatheka chifukwa mfuti zinali zitaleka kulira pakati pa Tete ndi Zobue.

Chifukwa chiyani pa Chichiri?

Blantyre ndi Limbe anali matauni awiri osiyana mpaka pamene anaphatikizidwa mu 1956, chaka chomwe Gruen ankatsegula Southdale. Chichiri ili pakati pa awiriwo, m'mphepete mwa msewu wa Masauko Chipembere, ndipo boma linaunjika kumeneko zinthu zambiri zokoka anthu: bwalo la zamasewero la Kamuzu, malo a chionetsero cha zamalonda, nyumba yosungiramo zinthu zakale, maofesi a khonsolo ya mzinda, khoti lalikulu, wailesi ya MBC. Chapafupi pali chipatala cha Queen Elizabeth ndi sukulu ya Polytechnic, imene lero ndi MUBAS. Minibasi iliyonse ya pakati pa Blantyre ndi Limbe yodzera mumsewu waukulu imadutsa pomwepo. Ku America mall ankaimanga kutchire n'kudikira kuti eni magalimoto aipeze. Kuno omanga anadziwa kuti eni magalimoto okha ndi ochepa, ndiye anaimanga pamene anthu a minibasi amadutsa kale.

Sanamangenso bokosi lotsekeratu. Nyengo ya ku Blantyre siifuna zimenezo. Chiperoni chikabwera munthu amangovala juzi. Chichiri inakhala yosakaniza: sitolo yaikulu ya zakudya, masitolo ang'onoang'ono m'tinjira tofoleredwa, mabanki, malo odyera, ndi bwalo lalikulu la magalimoto. Kenako panabwera Game, ya kampani ya Massmart, yogulitsa mafiriji, mawailesi, njinga ndi zipangizo za m'nyumba, ndipo kwa zaka zingapo panalinso nyumba yoonetsera kanema ya Cine City.

Pamene pagona bizinesi ya malo otere ndi pa lendi. Mwini nyumba sagulitsa shuga kapena nsapato. Amagulitsa malo, ndipo mtengo wa malowo umadalira kuchuluka kwa anthu odutsa pakhomo. Sitolo yaikulu ndi nyambo: imasaina pangano la zaka zambiri ndipo pa mita iliyonse imalipira lendi yotsika kuposa anzake, chifukwa ndiyo imabweretsa khamu. Wogulitsa mafoni, mankhwala, zovala kapena nkhuku yokazinga amalipira yokwera kuti akole nawo anthu amene abwera kudzagula buledi. Pamwamba pa lendi amasonkhanso ya alonda, osesa, madzi ndi dizilo wa jenereta, popeza magetsi a ESCOM akazima mafiriji a nyama sangadikire. M'kati mwa sitolo yaikuluyo nzeru yake ndi yomweyo. Buledi, mkaka ndi nyama kawirikawiri amaziika chakumapeto, kuti wofuna lofu imodzi adutse mabisiketi, zakumwa ndi mafuta odzola, ndipo maswiti amawaika polipirira, pamene mwana angathe kuwafikira mayi ake ali pamzere. Palibe chinaikidwa mwangozi.

Zimene anthu anapanga nawo malowo

Amalawi anaphunzira msanga kuti pa Chichiri munthu angathe kupitapo osagula kanthu. Kulowa n'kwaulere, pansi palibe matope, ndipo palibe amene amakukoka malaya kuti ubwere udzaone katundu. Ophunzira a ku Poly anapeza pokumanirana. Achinyamata anapeza kopita ndi bwenzi, ayisikilimu mmodzi n'kutha naye ola lathunthu. Pa Khirisimasi ndi pa Chaka Chatsopano makolo a ku Ndirande, ku Bangwe ndi ku Zingwangwa amabweretsa ana atawaveka zatsopano, kudzayenda ndi kudzajambulitsa. Wochokera ku Mwanza akamaliza kuona wodwala ku Queens amapatukirapo kuti kunyumba akafike ndi jumbo ya dzina, ngakhale m'kati muli buledi ndi sopo basi. Ena amaseka zimenezi, koma n'zimene Gruen ankafuna: malo oti anthu aziyenda wapansi ndi kuonana. Mizinda yathu ilibe mapaki ambiri osamalika, ndiye anthu anatenga chimene chinalipo.

Komabe mall si msika, ndipo amene anazolowera msika wa pa Mwanza boma amamva kusiyanako msanga. Mtengo ndi umene walembedwa. Palibe kunenerera, palibe banyira, palibe zoti "mayi, ndipatseni ndidzalipira Lachisanu". Wa polipirira sakudziwa, ndipo ngakhale atakudziwa kompyuta siimulola kukuchotsera. Mafuta ophikira sungagule a supuni ziwiri, shuga sungagule wa kapaketi ka tiyi wa m'mawa umodzi. Potuluka mlonda amaona lisiti. Kwa munthu wolandira malipiro pamwezi zimenezi n'zabwino, chifukwa amagula zambiri kamodzi, pamtengo wodziwika ndi sikelo yosabera. Kwa munthu amene amapeza ndalama ya tsikulo patsiku lomwelo, okala ya pafupi ndi nyumba imamumvetsa kuposa sitolo ya magalasi.

Ndiye msika unabwera wokha kudzaima pageti. Kunja kwa mpanda kuli ogulitsa nthochi, mapeyala, manyuzi ndi mayunitsi, a matakisi ndi a kabaza, anyamata onyamula katundu. Mu 2006 boma la Bingu wa Mutharika linachotsa mavenda m'misewu ya m'mizinda, koma pamene pali anthu onyamula ndalama wogulitsa sachedwa kubwerera. Eni maokala nawonso amalowa m'kati mukakhala zotsitsa mtengo, kupikula shuga kapena sopo n'kukagulitsa kwawo mogawa pang'onopang'ono. Shuga akasowa m'dziko, mizere yaitali imaoneka m'masitolo akuluakulu omwewa, chifukwa ndiwo amagulitsa pamtengo wolembedwa, ndipo ena mwa oima pamzerewo amakhala akugulira kukagulitsanso.

Nkhani imene imawawa anthu a ku Mwanza ndi ya manachesi. Boma la Mwanza ndi lotchuka m'dziko lonse ndi chipatso chimenechi. Nyengo yozizira ikafika manachesi amadzaza madengu m'mphepete mwa msewu wa M6, mtengo n'kugwa, ena n'kuwolera pansi pa mitengo. Koma kwa zaka zambiri munthu ankatha kulowa m'sitolo yaikulu ku Blantyre n'kupeza zipatso zochokera ku South Africa, zimene zayenda makilomita oposa 1,500 ndi kudutsa pafupi ndi minda ya manachesiyo. Si kuti ogula a m'masitolo amadana ndi mlimi wa kuno. Sitolo yaikulu imafuna katundu wofanana kukula, wosankhidwa, wopakidwa m'makatoni, wobwera tsiku lopangana sabata iliyonse, ndiponso wogulitsa wokhala ndi mapepala a bizinesi ndi akaunti ya kubanki, wotha kudikira malipiro kwa masabata angapo. Mlimi wa mitengo makumi awiri kwa Kanduku ali ndi zipatso zokoma, koma alibe chipinda chozizira, alibe galimoto, ndipo ndalama akuifuna lero chifukwa mwana wabwezedwa kusukulu. Amagulitsa kwa venda wobwera ndi lole, pamtengo umene venda wanena. Pang'onopang'ono masitolo anayamba kugula masamba, mazira, nkhuku ndi zina kwa alimi a m'dziko muno, makamaka akuluakulu ndi amene ali m'magulu. Boma linakhazikitsa ndondomeko ya Buy Malawi mu 2016, ndipo mu Malichi 2025 unduna wa zamalonda unaletsa kuitanitsa kunja zinthu zingapo, kuphatikizapo zipatso ndi ndiwo zamasamba zimene zimalimidwa konkuno. Chiletso chingatseke chipata, koma sichisankha manachesi, sichiwapaka m'katoni, sichiwasunga kuti afike mwezi wa Novembala.

Eni nyumba ndi alendi

Chichiri itaonetsa kuti bizinesiyi ingayende, ena anatsatira. Ku Lilongwe kunamangidwa Lilongwe City Mall, imene anthu amangoti pa Game. Mzuzu inalandira Shoprite yake. Chakumapeto kwa 2014 kunatsegulidwa Gateway Mall ku Lilongwe, m'mphepete mwa msewu wa ku Mchinji, ndipo imeneyi ndiyo inayandikira kwambiri bokosi la Gruen, ya masitolo oyang'ana m'tinjira ta m'kati.

Anthu ambiri amaganiza kuti nyumbazi ndi za makampani a ku South Africa. Si choncho kwenikweni. Gateway inamangidwa ndi MPICO, kampani imene ili pamsika wa masheya wa Malawi Stock Exchange ndipo mwini masheya wake wamkulu ndi Old Mutual. Chichiri Shopping Centre ndi Lilongwe City Mall zili m'manja mwa ICON Properties, imene inatuluka m'banja la NICO n'kulowa pamsika wa masheya mu Januwale 2019. Ndalama zambiri za makampani otere ndi za inshuwalansi ndi penshoni za anthu ogwira ntchito m'dziko muno, zimene zinachuluka lamulo la penshoni la 2011 litakakamiza olemba ntchito kusungira antchito awo. Kalaliki amene amadutsa pa Chichiri n'kumati malo awa si a anthu ngati ine, mwina lendi ya pamenepo ndi imene ikukulitsa penshoni yake. Masitolo otchukawo ndi alendi chabe, ndipo wa lendi amasamuka.

Dola ikasowa

Ku America ma mall ambiri anafa chifukwa anamangidwa ochuluka kuposa ogula, kenako anthu anayamba kugula pa intaneti. Masitolo akuluakulu ngati Sears, amene anagwa mu 2018, atatseka, ang'onoang'ono anatsala opanda wowabweretsera anthu, nyumba zonse n'kusanduka mabwinja. Matenda a kuno ndi ena. Sitolo imene imaitanitsa katundu ku Johannesburg imagulitsa mu kwacha koma imalipira mu randi kapena mu dola. Kwacha ikadzaza m'kabati, iyenera kupita kubanki kukapempha ndalama zakunja. Banki ikati dikirani, katundu watsopano sabwera, ndipo phindu silingatumizidwe kwa eni kampani. Pamene ikudikirapo kwacha ikagwa, ndalama yomwe ija imagula theka la thiraki m'malo mwa thiraki yathunthu.

Zimenezi zachitika mobwerezabwereza. Mu 2011 ndalama zakunja ndi mafuta a galimoto zinasowa mpaka anthu kugona pamizere. Mu Meyi 2012 boma la Joyce Banda linagwetsa kwacha n'kuisiya kuti iziyenda ndi msika. Mu Meyi 2022 inagwetsedwa ndi 25 peresenti, mu Novembala 2023 ndi 44 peresenti. Ndalama ya pepala imafotokoza nkhaniyi bwino kuposa akatswiri. Pamene Chichiri inali yatsopano, pepala lalikulu linali la K500. La K1,000 linabwera mu 2012, la K2,000 mu 2016, la K5,000 mu 2022. Amene amagula kawirikawiri anaphunzira kuwerenga mashelefu: ukaona mtundu umodzi wa sopo atauyala shelefu yonse kuti pasaoneke mpata, dziwa kuti mathiraki achepa pa Mwanza.

Amene anayamba kugwa anali wakwathu. PTC, itapanikizika ndi ngongole komanso mpikisano, inatseka masitolo ambiri. Press Corporation inaigulitsa mu 2022 ndipo sinadzukenso. Shoprite nayo inali itayamba kubwerera kwawo: inachoka ku Kenya, ku Nigeria, ku Uganda ndi ku Madagascar, ndipo mu Ogasiti 2025 inalengeza kuti ikugulitsa masitolo ake asanu a m'Malawi komanso bizinesi yake ya ku Ghana. Apa n'kuti masitolo a eni ake okhala konkuno, monga Chipiku Plus ndi Sana, atakula n'kufika m'madera amene Shoprite sinafikeko. Iwowa vuto la dola ali nalo, koma alibe likulu ku Cape Town loyembekezera phindu mu randi.

Pali mpikisano winanso umene suoneka m'malipoti a makampani, ndipo umadutsa pachipata chomwecho cha Mwanza. Mabasi a ku Joni amabwera atalemedwa ndi zikwama za amayi ndi abambo a geni amene akapikula zovala, nsapato, mabulangete ndi ziwiya ku Dragon City, ku Oriental Plaza ndi m'masitolo ena a mu Johannesburg. Amalawi okhala kumeneko amatumiza mafiriji ndi mipando kwa abale awo kudzera kwa matransipota. Katundu akafika amajambulidwa n'kuikidwa pa WhatsApp kapena pa Facebook, wogula n'kulipira pa Airtel Money kapena pa Mpamba, nthawi zina mwapang'onopang'ono. Wamalonda ameneyu salipira lendi ya pa Chichiri kapena dizilo wa jenereta, ndipo amakongoza. Onjezanipo kaunjika, amene amaveka Amalawi ambiri kuposa sitolo iliyonse ya zovala, ndiponso katundu wa ku Zobue ndi ku Tete amene anthu a m'malire amagula ndi metikashi mtengo ukawakomera. Mall ya ku Blantyre siinathe kupha malonda ang'onoang'ono monga inachitira ya ku America. Ikukhala nawo limodzi, ndipo nthawi zambiri iwo ndiwo amapirira nyengo yovuta.

Nanga ku Mwanza?

Pamisonkhano ya chitukuko sipalephera kuimirira munthu wonena kuti boma lathu nalonso likufunika mall. Ziwerengero zimayankha mosanyengerera. Kalembera wa 2018 anapeza anthu pafupifupi 131,000 m'boma lonse la Mwanza, ambiri mwa iwo alimi, pamene mzinda wa Blantyre wokha unali ndi anthu pafupifupi 800,000. M'dziko lonse, anthu 16 okha mwa 100 aliwonse ndiwo ankakhala m'matauni. Mall imafuna anthu ambiri a malipiro a pamwezi okhala pafupi, ogula chaka chonse, osati pa nyengo yokolola yokha. Ngati Shoprite inaona kuti masitolo asanu m'mizinda ikuluikulu sankaipindulira mokwanira, wamalonda wa pa Mwanza boma sangakwanitse lendi ya nyumba ya magalasi ndi jenereta yake.

Chimene Mwanza ili nacho n'chimene Chichiri imadalira: msewu, chipata, ndi anthu odutsa usana ndi usiku. Ili ndi zipatso zimene mizinda imazifuna. Denga limene lingasinthe moyo wa anthu a kwa Kanduku ndi la msika wokhala ndi simenti pansi, madzi, zimbudzi zosamalika ndi magetsi, pambali pake pali nyumba yosankhiramo ndi kupakiramo zipatso ndi chipinda chozizira, zoyendetsedwa ndi gulu la alimi lotha kusaina pangano ndi sitolo ya ku Blantyre n'kulisunga. Mathiraki ambiri amene amatsitsa katundu ku Blantyre amabwerera kum'mwera opanda katundu wokwanira, chifukwa dziko lino limagula kunja zambiri kuposa zimene limagulitsa. Makhansala ndi aphungu a ku Mwanza akamakambirana za chomanga, ayambe afunsa chimene boma lawo lingakweze m'mathiraki amenewo ndi chimene lingaike pamashelefu a ku Chichiri, asanafunse za nyumba yogulitsiramo katundu wa eni ake.